Dzinja Limene Ndinkafunsa Mbalame

Kansalu kake kanali kabuluu, kosaposa mpango wa kumutu kukula kwake, ndipo m'mphepete mwake munali timphete tachitsulo ndi kachingwe koyera kokokera. Amene anasoka kansaluko ndi amalume, alongo awo a amayi, omwe anali telala pakhonde la golosale ina kumsika wa Ndirande. Atamaliza anakasita mbali zonse, n'kukapinda, n'kukaika m'jumbo, ndipo kanadzakhala pamwamba pa kabati m'nyumba mwathu chifukwa denga la amalume linkadontha. Amayi anandichenjeza kuti tsiku limene ndidzakagwire ndi manja anga odyera mango ndilo tsiku limene ndidzawadziwe bwino. Choncho ndinkangokwera pampando n'kumakasuzumira. Kankanunkhira makala a m'simbi ndi mafuta a makina osokera, ndipo mpaka lero ndikadutsa pa telala fungo limenelo limandibwezera ku dzinja lija, pamene ndinali mu Sitandade 6.

Ntchito ya kansaluko inali yophimba mwala wolembedwa umene anaumata pa chipilala cha mlatho wathu watsopano, kuti tsiku lotsegulira bwana wamkulu adzangokoka kachingwe, anthu n'kuwomba m'manja. Mlathowo unali wa oyenda pansi okha, wa simenti, wokhala ndi zitsulo zogwirira mbali zonse. Kwa munthu wa ku Nyambadwe, kwa anthu opeza bwino, si chinthu choti n'kutembenukira. Koma ife tinkakhala kumtunda, m'munsi mwa phiri, ndipo pakati pa ife ndi msika ndi chipatala panali kamtsinje. M'chilimwe kanali ngalande chabe yonunkha, tinkangolumpha pamiyala tikucheza. Mvula ikagwa kuphiri kankasanduka chinthu china: madzi ofiira, phokoso lomveka mpaka m'nyumba, akukokolola majumbo, malata, nkhuku, nthawi zina chimbudzi chathunthu. Amuna olimba mtima ankawoloka pa paipi yaikulu ya madzi atavula nsapato. Ena tonse tinkazungulira kumsewu wa tala, ulendo wautali wa m'matope umene munthu ankafika nawo kumsika atatopa ngati wagwira kale ntchito.

Chaka chimenecho amayi anali oyembekezera, ndipo m'nyumba mwathu nkhaniyo sinkatchulidwa. Mimba inali poyera, koma tonse tinkaizungulira ngati dzenje la pabwalo. Pambuyo panga panabwera ana awiri amene sanakhale. Wachiwiriyo anathera panjira yozungulira ija, mu wilibala yobwereka, denga la chipatala likuonekera patali. Izi ndinadzazimva bwino ndili wamkulu, koma ngakhale nthawi imeneyo ndinkadziwa, monga momwe ana amadziwira zinthu zimene sanauzidwe, kuti amayi akuopa. Sanagule shawelo, sanapemphe amalume kusoka kalikonse ka mwana, ngakhale kuti zidutswa za nsalu zinali mbwee. Abambo ankayendetsa malole a ku Beira ndipo ankabwera mwa apo ndi apo, kudzasiya thumba la mpunga ndi kudzagona. M'mawa uliwonse amayi ankatuluka pakhomo, kuyang'ana mitambo ya kuphiri, kenako kuyang'ana kumunsi. Funso lawo linali limodzi ngakhale sankalinena: kodi mlathowo utsegulidwa nthawi yawo isanakwane?

Mlathowo unali utatha kale mvula isanayambe. Amisiri anachotsa matabwa awo n'kumapita. Koma mbali zonse ziwiri anamangako waya ndi kuunjikako minga, n'kuikapo mlonda, mkulu wina wa kofia yoyera, mpaka tsiku lotsegulira. Kunena zoona, waya ameneyo ngakhale mwana akanamudumpha. Chimene chinkatseka mlathowo inali nkhani imene inkayenda potunga madzi ndi m'maminibasi, yakuti mlatho watsopano umafuna munthu. Ankati woyamba kuwoloka liboni isanadulidwe, abusa ndi mashehe asanapemphere, ameneyo mlatho umutenga, kapena iye kapena wa m'nyumba mwake. Palibe ankadziwa kumene nkhaniyo inachokera. Akutchalitchi ankaitsutsa Lamulungu, Lolemba n'kumazungulira kutala. Akumzikiti chimodzimodzi. Ngakhale zidakwa za kachasu, zimene sizinkaopa wapolisi, zikafika pamenepo zinkakhota mwaulemu kulowera kupaipi. Galu wina atawoloka, anthu anakangana kwa masiku ngati galu amawerengedwa, ndipo anagwirizana kuti sawerengedwa. Lero ndimaseka, koma ndisaname, inenso ndinkadutsa pamenepo mofulumira, osayang'anako kawiri.

Mwala wolembedwawo ndinauona bwino tsiku limene amalume anapita kukauyeza, ine nditawagwirira tepi. Unali pa chipilala cha mbali yathu, wakuda, wosalala, wozizira ukaugwira, zilembo zake zagolide. Malo olembapo tsiku anali opanda kanthu. Pakati pake panali liwu lalitali limene ndinali ndisanakumanepo nalo: inaugurated. Amalume, mapini ali pakamwa, anati limatanthauza kutsegulira basi. Ine sindinakhutire. Chitseko timatsegula, botolo timatsegula, ndipo Chingerezi chake ndinkachidziwa, n'chachifupi. Nanga lalitali chonchi n'lachiyani? Ndinalilemba pamkono ndi cholembera n'kupita nalo kusukulu.

Aphunzitsi athu anali bambo wamtali wowonda, wa thalauza lodzaza choko, woyenda ndi ambulera yakuda ngakhale kukuwala. Anthu ankati anatsala pang'ono kukhala wansembe, n'kutuluka ku seminale pa zifukwa zimene aliyense ankazidziwa mosiyana ndi mnzake. Anawerenga pamkono panga. Kenako anachita chinthu chimene anali asanachitepo: anatseka buku la masamu, n'kutiuza tonse kuti tituluke panja.

Tinaima pabwalo la mpira kalasi yonse, phiri la Ndirande lili kumbuyo kwathu, udzu wonyowa ukutiyabwa m'miyendo. Anati liwu limeneli Angerezi anachita kubwereka, eni ake ndi Aroma akalekale, olankhula Chilatini. Aromawo, anati, anali ndi asilikali, misewu ndi milatho yoposa wathuwu kutalitali, koma sankayamba chinthu chachikulu asanafunse. Akafuna kulonga mfumu, kumanga mzinda kapena kupatula kachisi, ankaitana munthu wotchedwa augur. Ameneyo ankakwera pamalo okwera atafunda kumutu, ndodo yopindika kunsonga ili m'manja. Apa aphunzitsi anatembenuza ambulera yawo, chogwirira chopindika chili m'mwamba, n'kulemba mzere mumlengalenga kuchokera uku kufika uko, ndi wina wopingasa. Anati munthuyo ankadula thambo chomwecho ngati akugawa munda, kenako n'kukhala chete, kudikira mbalame. Mtundu wa mbalamezo, kumene zatulukira, kulira kwake, zonsezo zinali yankho la milungu yawo. Zikavomera, ntchito inkayamba. Zikakana, mfumu ndi asilikali ake onse ankabwerera kunyumba.

"Ndiye mukamva kuti inaugurate," anatero, "m'kati mwakemo muli munthu ataima, akuyang'ana kumwamba. Lero tanthauzo lake ndi kuyamba chinthu mwamwambo, pamaso pa anthu. Koma poyamba kunali kufunsa mbalame kaye."

Mnyamata wina anafunsa kuti mbali yabwino inali iti. Aphunzitsi anati kwa Aroma kawirikawiri inali ya kumanzere, ndipo tonse tinaseka, ife amene tinkadzudzulidwa tikalandira chinthu ndi dzanja lamanzere. Anawonjezera kuti popita kunkhondo ankanyamula nkhuku m'khola n'kumaona momwe zikujomphera chakudya, ndipo kalasi inagwa nako kuseka. Koma ine kuseka kwanga kunathera panjira. Ndinayang'ana kumwamba, ndipo thambo limene ndinakhala pansi pake moyo wanga wonse linaoneka lachilendo, lalikulu, ngati lili ndi zoti linene. Khwangwala mmodzi anadutsa pang'onopang'ono m'munda wa aphunzitsi uja, ndipo bwalo lonse linati zii. Ndinazizwa kuti liwu limodzi lingayende mtunda wotero, kuchoka kwa anthu amene anafa kalekale, kuwoloka nyanja, kudzagona pa chipilala cha ku Ndirande mbalame zake zili m'kati. Zaka zambiri pambuyo pake ndinafufuza pafoni, ndili ndi kamtima kofuna kuwagwira bodza aphunzitsi aja. Sananame, kungoti nkhani ya kumanja ndi kumanzere inali yosokonekera kuposa momwe anatiuzira.

Kuyambira tsiku limenelo ndinadzilemba ntchito. Ndinathyola nthambi yopindika ya gwafa, ndipo m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkakwera pamwala waukulu kuseri kwa bafa, chitenje chili kumutu, n'kudula thambo. Pansi panga Ndirande ankadzuka: utsi wa mbaula ukutuluka m'makonde, mawayilesi akulimbana, amisiri a zidebe atayamba kale kukhoma. Funso langa linali la amayi lomwe lija, ndi lina limene ndinkaopa kulimaliza ngakhale mumtima. Mbalame za ku Ndirande si zaulemu. Zambiri anali akhwangwala, ndipo pafupifupi tsiku lililonse ankatulukira kumanzere kwanga, ine n'kumasangalala kuti avomera. Sindinkaganizira zoti kumanzereko n'kumene kunali mitengo ya bulugamu imene ankagonamo, ndipo kumanja kunali dzala la kumsika. Panalinso mpheta, nkhunda za aneba, ndi akakowa oyera odutsa pamzere kulowera ku Chirimba. Tsiku lina kabawi anaima malo amodzi mumlengalenga, mapiko ali chitambasulire, ndipo ndinachedwa kusukulu chifukwa sindinayerekeze kusuntha iye asanasunthe.

Ndinasunga chinsinsi changa mpaka chinandilemera. Madzulo ena amayi akusankha nyemba ndinawauza zonse, za Aroma, za ndodo, za akhwangwala, n'kumaliza ndi kunena kuti mbalame zavomera, mwana abadwa bwinobwino. Nyemba zinaima m'manja mwawo. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangoti, motsitsa mawu, "Za maula m'nyumba muno ayi. Ndipo usadzamutchulenso ameneyo, sanafike." Ndinakhumudwa kwambiri, chifukwa ndinkaganiza kuti ndawabweretsera mphatso. Lero ndikudziwa kuti mayi amene anataya ana awiri safuna kumva munthu aliyense, ngakhale mwana wake yemwe, akumulonjeza wachitatu. Pamwala paja sindinasiye kukwera, ndinangosiya kupereka malipoti.

Tsiku lotsegulira linkangosunthasuntha. Kusukulu tinaphunzira nyimbo yolandirira alendo mpaka inafika potinyansa. Lachisanu lina tinaima pamzere titachapa mayunifolomu, amalume atapachika kansalu kawo, mipando ya pulasitiki itayalidwa, ndipo dzuwa litapendeka kunabwera uthenga wakuti bwana waitanidwa mwadzidzidzi ku Lilongwe. Amalume anatsitsa kansalu, n'kukasitanso, n'kukabwezera pakabati. Zinachitikanso chimodzimodzi Khirisimasi itadutsa. Ine lero ndimagwira ntchito mu ofesi imene imakonza miyambo yotereyi, ndipo ndikudziwa momwe tsiku limasunthira: munthu amangoimba foni kamodzi, kapu ya tiyi ili m'manja. Kumtunda kwathu amayi anali atayamba kulephera kuwerama potola tsache.

Linali Loweruka la mu Januwale. Mvula inayamba m'mawa, yamphamvu, yosalola munthu kumva mnzake pansi pa malata. Amalume sanapite kumsika chifukwa paipi inali itamira, choncho anali kwathu. Masana amayi anasiya kutsuka mbale, anagwira chitseko ndi manja awiri, n'kundiuza kuti ndikaitane aneba. Aneba athu anali mayi wonenepa wa ku Mulanje, wogulitsa mandasi, amene ankalankhula ngati akukangana ngakhale akupereka moni. Analowa kuchipinda, ndipo potuluka sankalankhulanso mokweza. Anauza amalume kuti nthawi yafika msanga, ndipo zimene aona si zothana nazo pakhomo. Ine anandipatsa beseni muli zitenje kuti ndinyamule, chifukwa panalibe wina wonyamula.

Pamene tinkatuluka mvula inali ikukata. Aneba anati tipeze wilibala tizungulire kutala. Amayi anapukusa mutu. "Kumeneko ndinapitako kale," anatero, n'kuyamba kutsetsereka kulowera kumlatho, amalume atawagwira m'khwapa.

Mtsinje unali utadzaza mpaka m'khosi, ukugubuduza miyala. Mlonda anatuluka m'kachisakasa kake ka mapulasitiki. Anthu amene anabisala mvula m'makonde anayamba kutuluka, n'kuima chapatali manja ali m'khwapa. Aneba anagwira chitenje cha amayi n'kumawachonderera kuti munthu wapakati sayamba njira yatsopano, akudziwa okha zimene zikunenedwa. Mlondayo anati, "Mayi, ine ndangoikidwapo. Komanso nkhani ya pano mukuidziwa." Amayi anamuyang'ana, thukuta ndi madzi a mvula zikutsika kumaso kwawo.

"Bambo, ngati mlathowu ukufuna munthu, ndine ndabwera. Tsegulani."

Amalume anali munthu wosamala zala zake kuposa chilichonse. Sankawaza nkhuni, sankasenda ngakhale nzimbe, poopa kudzalephera kulowetsa ulusi m'singano. Tsiku limenelo anagwira minga ija ndi manja awiri n'kuikokera pambali. Mlonda anawayang'ana, anayang'ana amayi, kenako anayamba kumasula waya yekha, milomo ikuyenda m'pemphero la Chiarabu limene sindinkalimva.

Amayi anaponda okha poyamba, phazi lopanda nsapato pa simenti yonyowa. Kumbuyo kwathu mayi wina anayamba kulira chapansipansi. Ataponda phazi lachiwiri anandiitana kuti ndibwere pambali pawo. Ndinali nditakumbatira beseni pachifuwa. Dzanja lawo linandigwira pachibwano n'kundidzutsa nkhope.

"Zako zija," anatero akupuma movutikira. "Yang'ana kumwamba undiuze mbalame zako zikuti chiyani. Usayang'ane kwina, zingakudutse."

Ndinali ndisanaonepo thambo lotero, ndipo sindinalionenso. Mitambo inali itang'ambika cha kumadzulo, dzuwa likusuzumira pansi pake n'kuwalitsa phiri lonse lonyowa. Ngumbi zinali zitatuluka m'zulu zonse za m'mbali mwa mtsinje, zikukwera ngati utsi, mapiko ake akunyezimira. Ndipo mbalame zonse za mu Blantyre zinali zitabwera kudzadya. Anamzeze anali osawerengeka, akutsika, kukwera, kudutsana osagundana. Pamwamba pawo akabawi ankazungulira, akutola ngumbi ndi zikhadabo n'kumadyera m'mwamba momwemo. Akhwangwala anga analipo, akusokosa monga mwa chizolowezi chawo. Pamwamba pa onsewo mzere wa akakowa unkadutsa, woyera mbee pa mtambo wakuda. Madzi ankabangula pansi pa mapazi anga, simenti ikunjenjemera pang'ono, koma mantha ndinawaiwala. Ndinaona ngati kumwamba konse kwatsika kudzaonerera amayi anga akuwoloka, ndipo ndinafuna kulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Ndinayamba kufotokoza, mawu akuthamangitsana. Zili kumanzere, amayi. Kumanjanso ziliko. Zili mbali zonse. Amayi ankangoti, "Eya. Zinanso? Pitiriza." Pakati pa mlatho anaima. Zala zawo zinandifinya chibwano mpaka kuwawa, ndipo ndinamva aneba kumbuyo akutchula dzina la Yesu. Ndinafuna kutembenuka koma dzanja lija silinalole. "Zoyera zija zapita kuti?" anafunsa amayi. Ndinazifunafuna mpaka ndinazipeza, zikulowera ku Chirimba monga mwa masiku onse. Tinayambanso kuyenda. Pamene dzanjalo linkandisiya tinali kutsidya, anyamata a kumeneko atachotsa kale minga ya mbali yawo.

Mwini galimoto ina yonyamula matabwa anatsitsa katundu wake pamsewu pomwepo osapemphedwa. Aneba anandilanda beseni, anawakulunga amayi zitenje kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi, ndipo ananyamuka. Ine anandisiya ndi mayi wa golosale ija, amene anandipatsa tiyi ndi banzi. Ndinamwa ndikunyada, miyendo ndikuigwedeza pansi pa benchi. Amayi anali atandikhulupirira pamaso pa anthu onse.

Amalume anadzanditenga kukuyamba kuda, zala zawo zitamangidwa tinsalu. Anati ndili ndi mlongo, kamnyamata kakang'ono koma kolira mokweza, kamene kanabadwa atangolowa pakhomo la chipatala, ndipo amayi awatumiza kuchipatala chachikulu m'tauni kuti akapumule. Pobwerera tinadutsa pamlatho pomwepo. Tinapeza mlonda atapinda thalauza, akuthira madzi ndi ndowa n'kumakwecha simenti ndi tsache, pamalo poti mvula yatsuka tsiku lonse. Ndinaganiza kuti akufufuta mapazi athu amatope kuti mabwana ake asadziwe. Amalume anandinyamula, ngakhale ndinali wamkulu kale, nkhope yanga ataitsamiritsa paphewa pawo, mpaka kutsidya.

M'mawa mwake Ndirande yense ankawoloka, a madengu a tomato, a njinga za makala, a kwaya atavala zoyera. Waya uja sanamangidwenso. Ndinamva azimayi ena akuti mlatho walandira kale zake, ndipo atandiona anasiya kulankhula n'kumandiyang'ana. Ine ndinatenga kuyang'ana kumeneko ngati ulemu. Lolemba ndinakafotokoza kusukulu. Aphunzitsi anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo nditawafunsa kuti Aroma ankati chiyani mbalame zikabwera mbali zonse, anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Anati mabuku awo sananenepo zimenezo, koma iwo akuganiza kuti limenelo ndi yankho labwino.

Amayi anabwera patapita masabata, atawonda, m'maso muli mbee, akuyenda mogwira khoma. Bwana uja anabwera pomaliza, mvula itatha. Anakoka kachingwe, tinaimba nyimbo yathu, anadula liboni, ndipo wolengeza anati tsopano mlendo wolemekezeka akhala munthu woyamba kuwoloka. Palibe anaseka, Ndirande amadziwa ulemu akafuna. Ine ndinakwiya mpaka misozi, ndipo nditafika kunyumba ndinawauza amayi kuti akuyenera kupita kukanena zoona. Anali akuyamwitsa pamphasa, msana atautsamiritsa kukhoma. Anati, "Asiye awoloke, mlatho ndi wa aliyense."

Nkhani ya mbalame ndinaifotokoza kwa zaka zambiri, kusekondale, kukoleji, ngakhale kwa bambo a ana anga tili pachibwenzi. Amayi ankangomvetsera, osaonjezapo, osachotsapo. Amene anandiwongola ndi aneba aja, atakalamba, ine ndili ndi pakati pa mwana wanga woyamba. Ndinali nditapita kukawaona, ndipo ndinayambanso nkhani yanga yomwe ija. Anandidula pakamwa monga ankachitira kale. Anati amayi ako mbalame analibe nazo ntchito, ndipo mpaka lero alibe nazo ntchito. Anati magazi anayamba kutsika tisanafike n'komwe pamlatho, ndipo mzere wofiira unachokera pa chipilala china kukafika pa chinzake. Pakati paja pamene tinaima, iwo aneba anaganiza kuti basi, munthu watithera m'manja. Anati amayi ako ankadziwa kuti akhoza kugwa pamenepo osadzukanso, ndipo chimene sanafune n'chakuti iwe uzidzaona chimenecho nthawi iliyonse ukatsinzina.

Dzinja lija ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ndinkadziwa kumene liwu lalitali la Chingerezi linachokera, ndinkadziwa mayina a mbalame ndi njira zake. Madzulo a Loweruka lija, amalume atandifikitsa kunyumba, ndinadziyang'ana pakagalasi n'kupeza timabala ta zikhadabo za amayi pachibwano panga. Ndinatisisita ndikumwetulira. Ndinkaganiza kuti anandifinya chifukwa cha chimwemwe, poona kuti kumwamba kwavomera.